Ntchito yolemba maina a malo ndi mabwinja ku Mazowe: momwe kampani ina ya mu Harare inatigwirira

Chaka chatha gulu la akhristu ochokera ku parishi ina ya m'chigwa cha Mazowe ku Zimbabwe, omwe tsopano tikukhala mu Harare ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Dzivarasekwa, linandisankha kuti ndiyang'anire ntchito yolemba maina a malo ndi mabwinja a kwathu. Ndikati kwathu sindikunena ku Dedza kumene kunachokera agogo anga, koma ku makomboni a m'mafamu kumene makolo athu anafikira, n'kukhetsa thukuta lawo, kubereka ana ndi kuikidwa m'manda. Ganizoli linabadwira pa siwa, pamene abambo awiri aimvi anakangana usiku wonse za pomwe panali manda akale a ana, ndipo munthu yekhayo amene akanathetsa mkanganowo anali mayi amene tinali kumulirayo. Ndalama tinasonkha kwa miyezi ingapo, kenaka tinalemba ganyu kampani yaing'ono ya m'katikati mwa mzinda wa Harare imene imajambula mawu a anthu akuluakulu, kuyeza malo, kukonza mapu ndi kusindikiza timabuku ta mbiri ya mabanja ndi mipingo. Dzina lake sinditchula, popeza pali zina zimene ndiidzudzule.

Kampaniyi ndi ya anthu atatu okha, onse achinyamata olankhula Chishona: wina anaphunzira zoyeza malo, wina ndi wa makina ojambulira mawu ndi zithunzi, ndipo wachitatu, yemwe ndi mtsikana, ndiye amalemba zonse pa kompyuta ndi kuyang'anira zosindikiza. Malipiro awo amawagawa patatu. Pali mtengo wa tsiku lililonse limene akhala kumudzi, mtengo wa ola lililonse la mawu amene awalemba pa pepala, ndiponso mtengo wa mapu ndi mabuku. Mafuta a galimoto, chakudya ndi pogona zili kwa inu. Anatiuza zimenezi tsiku loyamba lomwelo popanda kubisa, ndipo anazilemba pa pepala limene tinasainirana, chinthu chimene ndinakondwera nacho chifukwa ndalama za gulu zimafunika kufotokozedwa kwa anthu amene anazisonkha.

Chimene chinandikopa pa kukumana koyambako ndi chakuti sanabwere chimanjamanja. Woyeza malo uja anali atagula kale mapu a boma a dera lathu ku ofesi ya Surveyor General, a mlingo wa 1:50 000, omwe masentimita awiri pa pepala amaimira kilomita imodzi pansi. Atawayala patebulo tinaona zimene tinkazidziwa kale mumtima koma tisanazionepo ndi maso. Maina a mafamu analipo m'Chingerezi, mitsinje ndi mapiri akuluakulu zinali ndi maina a Chishona, koma pamene panali makomboni athu panangokhala timadontho takuda topanda dzina. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma linakonza maina ambiri amene atsamunda anawapotoza kapena kuwachotsa: Salisbury anakhala Harare mu 1982, Sinoia anakhala Chinhoyi, Umtali anakhala Mutare, Hartley anakhala Chegutu, ndipo Mazoe analembedwa Mazowe. Maina amene makolo athu anapatsa zitsime, njira ndi mitengo sanakonzedwe, chifukwa sanalembedwepo n'kale lonse.

Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono chifukwa chake mainawo ali m'Chichewa pakati pa dziko la Ashona, popeza owerenga ena ali ku Malawi. Amuna ambiri a ku Nyasaland, komanso ena a kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete, anabwera kuno kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ndi m'migodi, ena wapansi, ena pa malole osalipiritsa otchedwa Ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ndipo chiwerengero chawo chinali chachikulu kale chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963 chisanayambe. Amene sanabwerere ndiwo ankatchedwa machona. M'makomboni ambiri Chichewa ndicho chinali chinenero cha pabwalo, ngakhale kwa Ayao, Asena ndi Atumbuka. Mafamu atayamba kulandidwa ndi kugawidwa mu 2000, mabanja ambiri anabalalika, nyumba za makomboni ena zinagwa, ndipo m'malo ambiri munalowa anthu atsopano amene sankadziwa kuti mulu wa njerwa umene uli m'munda mwawo unali ndi dzina.

Anatilangiza kuti tipite mu Seputembala, udzu utauma ndipo tchire lambiri litapsa, chifukwa nthawi ya dzinja maziko a nyumba sawoneka. Uphunguwo unali wanzeru. Tinakhalako masiku anayi, ndipo m'masiku amenewo ndimo ndinaona luso lawo lenileni. Sankakhazika nkhalamba pampando n'kuzipanikiza ndi mafunso monga kukhoti. Ankazilola kutsogola, iwo n'kumatsatira pambuyo ndi makina, chifukwa amati dzina limabwera msanga munthu akaponda pamalopo kusiyana ndi akakhala pakhonde. Dzina likatchulidwa ankapempha kuti linenedwe katatu, pang'onopang'ono, kenaka ankafunsa tanthauzo lake, amene analiyambitsa, ndi munthu wina amene angachitire umboni. Woyeza uja ankasunga pamalopo mu GPS, mnzake n'kujambula chithunzi choyang'ana kumpoto ndi china choyang'ana kumene kuli chizindikiro chosasuntha, monga thanthwe kapena phiri. Dzina limene linanenedwa ndi munthu mmodzi yekha ankaliika chizindikiro chake, kuti owerenga adzadziwe kuti mboni yake ndi imodzi.

Tsiku lachiwiri tinayenda ndi agogo ena aakazi omwe anabadwira pa famupo. Tinafika pa mabalani akale ochiziramo fodya, omwe tsopano ndi makoma aatali a njerwa zofiira opanda denga, mkati mwake mutamera mtengo wa mkuyu, ndipo m'munsi mukuonekabe zibowo za ng'anjo zakuda ndi mwaye. Ine ndinkaganiza kuti agogowo anena za mabalaniwo, koma anawadutsa osawayang'ana n'komwe, nakaima pa kamtunda kopanda kanthu, pamene panangotsala chitsa cha mtengo ndi simenti yosweka.

"Pano ndi pa Phoso," anatero. "Loweruka timafola apa ndi zitini, kulandira ufa, nyemba ndi mchere."

"Nanga apo pali chitsulo, agogo?" ndinafunsa, nditaona chidutswa cha njanji chitakwiririka theka.

"Mwanawe, chimenecho ndicho chinkatidzutsa. Chinkapachikidwa pa mtengo uwu. Ukangomva ngwee, mwana kumsana, khasu paphewa. Pamenepo mpa Chitsulo, ndipo kuseriko mpa Tikiti, pomwe kapitawo ankachonga masiku."

Mnyamata wa makinayo sanawadule mawu ngakhale pamene anasiya za malo n'kuyamba kunena za mchemwali wawo amene anakwatiwa ku Shamva. Anangosendeza maikolofoni yake, yomwe inali itavekedwa kachipewa kaubweya kotchinga mphepo, nadikira, ndipo m'nkhani ya ukwatiyo munatuluka maina ena awiri: Mkuyu wa Alendo, pamene ofuna ntchito ankagona asanalembedwe, ndi Chitsime cha Anamwali. Kudekha kumeneku ndiko chinthu chachikulu chimene mumagula kwa anthu amenewa, ndipo mawu amene anajambula ndi omveka bwino kwambiri, ngakhale a anthu opanda mano olankhulira m'mphepo ya Seputembala.

Za mabwinja akale kwambiri anachitanso bwino. Pa phiri lina la m'malire a parishi pali khoma lalifupi la miyala yosanjikizidwa popanda dothi kapena simenti, lofika m'chiuno, limene ife tili ana tinkaliyesa khola la mbuzi la mzungu. Kampaniyo inakana kukwera phirilo tisanapeze munthu wamkulu wa Chishona wa m'mudzi woyandikana nawo, ponena kuti phirilo lili ndi eni ake amene analipo makolo athu asanabwere. Mkuluyo anatiuza tsiku limene sitiyenera kukwera, anatipempha kuvula nsapato pofika pamwamba, anaomba m'manja, ndipo anatipatsa dzina la phirilo m'Chishona pamodzi ndi nkhani yake. Pansi panali mapale ambiri a mbiya. Anyamata athu ena atayamba kufukula ndi ndodo, woyeza malo uja anawaletsa mwaulemu koma mosanyengerera, nawauza kuti lamulo la dziko lino sililola kukumba kapena kuchotsa zinthu pa malo otere popanda chilolezo cha bungwe la National Museums and Monuments of Zimbabwe. Mapalewo anawajambula pomwe anali, ataika cholembera pambali kuti kukula kwake kudziwike, nawasiya.

Chinanso chimene ndinawalemekezera ndi chakuti sanatinamize za msinkhu wa khomalo. Wina wa gulu lathu ankafunitsitsa kuti m'buku mulembedwe kuti ndi la nthawi imodzi ndi Great Zimbabwe, poti nakonso makoma ake ndi a miyala yopanda zomatira. Iwo anayankha kuti chigwa cha Mazowe chilidi ndi mbiri yakale, kuti chinali m'dera la ufumu wa Mutapa, ndipo kuti msika wa Apwitikizi wa Dambarare, umene asilikali a mfumu Changamire anauwononga mu 1693, unali m'dera lomweli, koma kuti khoma la miyala likhoza kukhala la zaka mazana ambiri kapena la m'nthawi ya agogo athu, ndipo wonena zoona ndi katswiri wofukula zakale yekha. M'buku analembamo zimene maso anaona, kutalika ndi kupingasa kwa khomalo, ndi mawu a mkulu uja monga momwe anawanenera. Ena a gulu lathu anakhumudwa, koma ine ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa buku la parishi likangonama pa chinthu chimodzi chooneka, zoona zonse zimene zilimo anthu amayamba kuzikayikira.

Tsopano ndinene zolakwika, ndipo choyamba chinatsala pang'ono kuwononga ntchito yonse. Tikuyenda m'mphepete mwa mtsinje, mnyamata wina wa m'deralo analoza msitu wina nanena mwachibwana kuti kumeneko ndi ku dambwe. Woyeza malo anasunga malowo monga ankachitira ndi ena onse, osafunsa, ndipo mapu oyamba atabwera kuti tiwaone, mawu akuti dambwe anali pamenepo poyera. Bambo wina wachikulire atawaona anaimirira, navala chipewa chake, nati ngati pepalalo lipachikidwa m'tchalitchi iye achotsa mawu ake onse. Anali ndi chifukwa. Gule Wamkulu anavomerezedwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha anthu onse, koma zimenezo sizinatsegule dambwe kuti aliyense adziwe pomwe lili, ndipo ngakhale ife a mpingo amene sitilowa kumeneko timadziwa kuti si malo olozedwa ndi chala. Kampaniyo inapepesa, inachotsa dzinalo pa mapu ndi m'makina awo ife tikuona, koma anthu ogwira ntchito yotere pakati pa Achewa ankayenera kufunsa okha tsiku loyamba kuti ndi malo ati amene sayenera kulembedwa. Nkhani yomweyi inatiphunzitsa kusamala ndi manda ndi maenje a migodi yakale. Ku Mazowe okumba golide mosaloledwa ndi ambiri, ndipo mapu osonyeza bwino lomwe pomwe pali dzenje lakale akhoza kuitana zokumbira pa manda a makolo. Tinagwirizana kuti malo oterowo alembedwe m'kope limodzi losungidwa ndi bambo mfumu ndi akuluakulu a mpingo, osati pa mapu a pakhoma.

Cholakwika chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo ndicho chifukwa chake ndalemba zonsezi. Anthuwa amamva Chichewa pang'ono, monga ambiri a mu Harare, koma sadziwa kuchilemba, ndipo sanatiuze zimenezo poyamba. Mtsikana wa kompyuta uja analemba maina athu ndi khutu la Chishona. Popeza kalembedwe ka Chishona kalibe l, paliponse pamene pali l anaikapo r, ndipo h amene timaika pambuyo pa k, p ndi t anamutaya. Dambo la Chule linakhala Dambo ra Chure. Phiri la Nkhanga linakhala Piri ra Nkanga. Pa Phoso panakhala Pa Poso, ndipo Khola la Ng'ombe linakhala Kora ra N'ombe. Wina akhoza kunena kuti ndi zazing'ono, koma h ameneyu amasintha mawu: khola ndi mogona ziweto pamene kola ndi kugwira ndi msampha, phala ndi chakudya pamene pala ndi kuchotsa makoko kapena mamba. Pa maina oposa makumi asanu ndi awiri amene tinasonkhanitsa, amene analembedwa molondola anali owerengeka pa zala. Tinalipira ndalama kuti maina athu asungidwe, ndipo pepala loyambalo linawachita zomwe atsamunda anachita ndi Chinhoyi pomulemba Sinoia.

Sindingaike mlandu wonse pa mtsikanayo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma ana athu ambiri obadwira kuno sanachiphunzirepo m'kalasi, ndipo mdzukulu wanga yemwe akalemba uthenga pa foni amalemba chimodzimodzi. Chimene ndikudandaula ndi chakuti kampani yolandira ndalama za kulemba mawu inkayenera kunena kuti chinenerochi sichidziwa, kapena kupeza wodziwa. Kukonzako kunatitengera masabata atatu, ine ndi katekisiti wina wopuma amene anaphunzira kuwerenga m'Baibulo la Chichewa ndi m'buku la nyimbo, tikumvetsera mawu ojambulidwa aja dzina ndi dzina. Apa ndi pamene kutchula katatu kuja kunatipulumutsa, chifukwa pomwe pepala linalakwa, mawu a mwini wake analipo. Kenaka anafuna kutilipiritsa pa kukonzanso masambawo. Ndinakana, tinakambirana kwa nthawi ndithu, ndipo pamapeto pake analolera kuti tingolipira pepala ndi inki.

Anachedwanso. Analonjeza masabata asanu ndi limodzi, ntchito inatuluka patapita miyezi itatu, ndipo gawo lina la kuchedwako linali la kukonza maina kuja, lina analinenera kuthimathima kwa magetsi. Foni amayankha, koma uyenera kuimba ndiwe.

Mapu enieniwo ndi abwino. Ndi aakulu ngati chitseko cha kabati, okutidwa ndi pulasitiki, ndipo anagwiritsa ntchito mitundu itatu ya zilembo kusiyanitsa maina a Chishona, a Chingerezi ndi a Chichewa, kotero kuti pa malo amodzi ukhoza kuwerenga dzina la phiri, dzina la famu ndi dzina la komboni popanda lina kufuta linzake. Woyeza uja anaonanso chinthu chimene ife sitikanachidziwa: mapu akale a boma ndi GPS ya masiku ano siziyambira poyezera pamodzi, ndipo ukaphatikiza ziwirizi mosasamala, malo amasuntha ndi mamita mazana angapo, chitsime n'kupezeka kutsidya kwa mtsinje. Iye anakonza zimenezi, natisonyeza pa mlatho umene tonse timaudziwa kuti tsopano zikugwirizana. Kabukuko ndiko kosakondweretsa kwenikweni. Pepala lake ndi lopyapyala, zithunzi za m'kati mwa mabalani zinatuluka zakuda moti njerwa sizioneka, ndipo anakamanga ndi timawaya tiwiri pamsana, chinthu chimene sichingapirire manja a mpingo wonse. Tikanadziwa tikanangotenga mafayilo n'kukasindikiza kwina.

Pa za umwini wa mawuwo, pepala losainirana lija silinanene kanthu, ndipo ndinazindikira mochedwa. Nditafunsa sanavute. Anatipatsa mawu onse osadulidwa, zithunzi ndi manambala a GPS pa mafulashi awiri, imodzi ya ku parishi, ina ya gulu la ku Harare, nalemba kalata yakuti sadzagwiritsa ntchito chilichonse popanda chilolezo chathu. Anatifunsanso ngati tingafune kuti maina ena aikidwe pa OpenStreetMap kuti azioneka pa intaneti, koma nkhani imeneyo tinaisiyira akuluakulu a kumudzi. Tikuganiza zokapempha kuti kope limodzi lisungidwe ku National Archives of Zimbabwe, pa Borrowdale Road, kumene kuli kale mawu ojambulidwa a mbiri ya anthu, chifukwa fulashi ya m'kabati ya parishi ikhoza kutayika pakasintha wansembe.

Gulu lina la Achewa ochokera ku Banket, Trelawney, Shamva kapena ku migodi likandifunsa ngati lingalembe ganyu anthu amenewa, ndidzaliuza kuti inde, koma lichite zinthu zitatu lisanapereke ndalama. Lipeze munthu wake wodziwa kulemba Chichewa amene aziyenda nawo ndi kope, n'kumalemba dzina lililonse pomwepo mwini wake akumva. Likhale pansi ndi akuluakulu a mudzi, a mpingo, a mzikiti ndi a gule kuti agwirizane malo osayenera kulembedwa. Ndipo za umwini wa mawu ndi za kukonza zolakwika zilembedwe m'pangano. Pa kuyenda ndi nkhalamba, kujambula mawu ndi kuyeza malo, ndalama zathu sizinapite pachabe. Pa kulemba, ntchito yambiri tinaigwira tokha.

Mapuwo tinawapachika pakhonde la tchalitchi pa Khirisimasi. Sabata yomweyo mayi wina wochokera ku Glendale anaima patsogolo pake nthawi yaitali, kenaka anaitana katekisiti namuuza kuti njira yochokera pa Tikiti kupita ku dibi inali ndi dzina, ndipo palibe amene anamufunsa. Popeza pulasitikiyo silembeka ndi pensulo, katekisiti anamangirira kope pa msomali womwewo ndi chingwe. Pamene ndinapitako mwezi watha munali mutalembedwa maina khumi ndi anayi atsopano, awiri mwa iwo akutsutsana za chitsime chimodzi, ndipo kampaniyo yatiuza kuti tsiku limodzi lokawayeza lidzakhala pa mtengo womwe uja, mafuta athu.